Eti nyimbo ija ya Whitney analemba ndi Dolly Parton?

kamtedza88

Akuluakulu tandithandizeni tisanamenyane kuno. Sabata yatha tinali kumudzi kokonza m'nyumba mwa malemu bambo, nde pansi pa bedi tapeza katoni yodzadza makaseti, ena tepi yake inatafunidwa ndi wailesi kalekale mdala anangolumikiza ndi selotepi. Ambiri ndi a country, Don Williams, Jim Reeves, Kenny Rogers, ndi atatu a Dolly Parton. Alamu anga atenga imodzi nkuwerenga kuseri, aona I Will Always Love You, basi ayamba kuseka ati mayiyu anaba nyimbo ya Whitney Houston. Ine ndati ayi, kasetiyi ikuoneka yakale kuposa filimu ija ya Whitney ya The Bodyguard, ndiye wakuba ndi ndani apa. Takangana mpaka nsima kuzizira. Iwo akuti munthu wa mawigi ndi zikhadabo zitalizitali ngati ameneyu sangalembe nyimbo, amangomulembera anthu iye nkumakongoletsa chithunzi. Nde amene mumatsata zimenezi tandiuzeni, analemba ndani? Komanso mayiyu anachokera kuti kwenikweni, poti ine ndimangomudziwa mawu omwe ankatidzutsa Lamulungu m'mawa mdala akupolisha nsapato za ku tchalitchi.

MadalaAkuZomba

Mwanawe pepa ndi za maliro, koma makasetiwo usataye. Alamu akowo auze akhale pansi. Nyimboyo analemba Dolly yekha, inatuluka 1974, Whitney anali kamtsikana ka zaka 10 nthawi imeneyo. Ya Whitney ndi ya 1992.

Za mawigi zisakupusitseni, mayi ameneyu umphawi amaudziwa kuposa ena a ife. Anabadwa pa 19 January 1946 ku Sevier County, kumapiri a Tennessee, mwana wachinayi mwa ana 12. Bambo ake, Robert Lee Parton, ankalima m'minda ya eni ake, kenako nkudzakhala ndi kamunda kawo ka fodya, ndipo sankadziwa kuwerenga kapena kulemba. Dokotala amene anathandiza pobadwa mwanayu anamulipira ndi thumba la ufa wa chimanga poti ndalama munalibe m'nyumba. Ine nditamva zimenezi koyamba ndinaseka ndekha, ndinati kodi ku America nakonso kumalipiridwa ufa. Kanyimbo kake koyamba anapeka ali ndi zaka ngati 5, kokhudza chidole chake cha chitsononkho, mayi ake ndi amene anamulembera papepala chifukwa iye anali asanayambe kugwira pensulo. Agogo ake akuchikazi anali abusa a chipentekoste nde kuimba anayambira mu tchalitchi, gitala yeniyeni anamupatsa ndi mmodzi wa amalume ake ali ndi zaka 8.

Pa makaseti akowo payenera kuti pali Coat of Many Colors, ya 1971. Imeneyo si nthano, ndi zomwe zinachitika. Mayi ake Avie Lee anapatsidwa nsanza, nkumusokera jekete la zigamba zamitundumitundu uku akumufotokozera nkhani ya Yosefe ya m'Baibulo. Mwana wavala monyadira, wafika kusukulu anzake amuseka. Ife amene tinapita kusukulu ndi kabudula wa zigamba ziwiri kumbuyo ngati magalasi, nyimbo imeneyi sitinkafuna wotimasulira. Ndipo analemba ali m'basi ya bandi, pepala lasowa, anangolemba kuseri kwa lisiti ya kochapitsa masuti a bwana wake Porter Wagoner. Munthu wongokongoletsa chithunzi amachita zimenezo?

Ali ndi zaka 10 anali akuimba kale pa pulogalamu ya Cas Walker ku Knoxville, mkulu wina wa magolosale amene anali ndi nthawi yake pa wailesi ndi pa TV. Zaka 13 anaimba ku Grand Ole Opry, shoo yotchuka ya nyimbo za country, womuitanira pa siteji anali Johnny Cash. Wamaliza sekondale 1964, tsiku lotsatira lomwelo wakwera basi ya ku Nashville, likulu la nyimbo za country. Ndipo chomwe anthu sadziwa nchoti kumeneko anayamba kudziwika ngati wolemba, mawu ake asanatchuke. Iye ndi amalume ake Bill Owens analemba Put It Off Until Tomorrow, anaimba ndi Bill Phillips mu 1966 nkugunda bwino. Masiku oyambirira njala inamukwapula ndithu, mwini wake amafotokoza kuti ankazungulira m'makhonde a mahotela kutola zotsala pa mathileyi omwe alendo asiya pakhomo.

Koma ine mtima wanga uli kwa Don Williams, zimenezo ndisabise. Atabwera ku Harare 1997 ndinalephera kupita chifukwa cha thiransipoti, mpaka lero zimandiwawa, ndipo anamwalira 2017 ndisanamuone ndi maso.

chipsy_pa_chiwaya

kkkkk madala mwayamba ndi Dolly mwamaliza ndi Don Williams, a Malawi ndi Don Williams kaya anatidyetsa chani. Minibasi iliyonse ya m'mawa ndi iyeyo. Koma alamuwo asanyozedwe kwambiri, ine ndemwe mpaka chaka chatha ndimadziwa kuti ndi ya Whitney. Ya Dolly ndinaimva ndinaona ngati yafooka, ilibe pokuwa paja pomwe tonse timadikira tikamaimba ku bafa.

bassman_wa_ndirande

@chipsy yafooka bwanji aise, mesa ndi nyimbo yotsanzika, munthu akutsanzika bwana wake sakuwa. Anthu amaiyesa ya chibwenzi mpaka kumaiika pa ukwati koma nkhani yake ndi ya ntchito.

Zinali chonchi. 1967 Porter Wagoner anamutenga Dolly pa pulogalamu yake ya pa TV kulowa m'malo mwa woimba wina dzina lake Norma Jean. Poyamba anthu sanamufune, iye akuimba iwo akukuwa dzina la Norma Jean, taganizani manyazi ake. Koma pang'onopang'ono anawagwira, awiriwa nkumaimba limodzi zinthu nkumayenda, Porter nkumulowetsa ku kampani ya marekodi ya RCA. Vuto linabwera pomwe wophunzira wayamba kuposa mphunzitsi. Joshua inafika nambala 1 mu 1971, Jolene inatuluka 1973 nkupitanso pamwamba, zonsezi zolemba yekha. Anagwirizana zaka 5 koma anakhala 7, akati ndipite bwana sakumva, kukangana tsiku ndi tsiku. Nde mayi anapita kunyumba nkulemba nyimbo ija, m'mawa walowa mu ofesi wamuimbira. Porter analira nkumulola. Koma misozi inauma msanga, 1979 anakamusumira kukhoti kufuna madola 3 miliyoni ati waphwanya kontrakiti, anakambirana kunja kwa khoti Dolly nkulipira pafupifupi 1 miliyoni. Anadzagwirizananso patapita zaka, mu 2007 anamuimbira nyimbo yomweyo ku Opry, ndipo Porter akumwalira chaka chomwecho Dolly anapita kukamuona kuchipatala.

Tsono apa mpomwe ine ngati woimba ndimavulira chipewa. Nyimbo ili ndi mbali ziwiri za ndalama, pali rekodi yomwe mwajambula mu situdiyo, ndiye pali nyimbo yeniyeniyo, mawu ndi chuni chake, yomwe azungu amati publishing. Aliyense woimba nyimbo yako, wailesi iliyonse yoiulutsa, filimu iliyonse yoigwiritsa ntchito, mwini publishing amadyapo. Dolly ndi amalume ake anatsegula kampani yawo yosunga nyimbo zawo, Owe-Par, cha m'ma 1966, ali ndi zaka 20 zokha. Nde itatchuka nyimbo ija Elvis Presley anaifuna kuti aimbe. Dolly anasangalala mpaka kuuza anthu. Kenako manijala wa Elvis, Colonel Tom Parker, waimba foni ati lamulo lathu ndi loti Elvis akaimba nyimbo timatenga theka la publishing. Mayi anakana. Amanena yekha kuti analira usiku wonse, ndipo anzake ankamuona ngati wapenga, ukukana Elvis iwe ndani. Koma sanasaine.

Zaka 18 kutsogolo, Kevin Costner akupanga The Bodyguard ndi Whitney, ndi iyeyo amene anabweretsa ganizo la nyimboyi. Inakhala nambala 1 ku America masabata 14 osatsika. Dolly anaimva koyamba pa wailesi akuyendetsa galimoto, akuti anachita kuima pambali kuopa kugwera nayo. Ndalama yonse ya wolemba inapita kwa iye osagawana ndi munthu, zomwe zimanenedwa ndi madola ngati 10 miliyoni m'zaka za m'ma 1990 mokha. Akanasaina tsiku lija theka likanapita kwa anthu omwe sanalembepo ngakhale liwu limodzi. Ndipo musaiwale kuti iye mwini anali atafika nayo kale pa nambala 1 ya country kawiri, 1974 ndi 1982.

Ine izi zimandikhudza chifukwa zinandionekera. Ndinapeka nyimbo ina nthawi yomwe mayi anga anali m'chipatala, mkulu wina woimba anaimva tikuyeserera kuseri kwa nyumba nkuti mphwanga ndipatse ndikupatse kangachepe. Anandipatsa ndalama yomwe inangokwana thumba limodzi la feteleza ndi thiransipoti, popanda pepala, popanda mboni, ine nkuthokoza mpaka kugwada. Lero ndimaimva m'maukwati, ku COSOMA inalembetsedwa m'dzina lake, ine ndikati ndi yanga anthu amati bassman walawa kachasu. Sindimuda kwambiri mkuluyo poti ndinapereka ndekha, njala ndi imene inasaina. Koma Dolly nayenso njala ankaidziwa, nde pamenepo mpomwe ndimasowa chonena.

Madala, Don Williams wanuyo ndimamulemekeza, mawu ngati uchi, ndipo zina analemba yekha, koma zambiri zomwe mumaimba mukumeta ndevu zinalembedwa ndi anthu ena monga Bob McDill. Chimodzimodzi Kenny Rogers, The Gambler analemba Don Schlitz. Ku Nashville zimenezo si zachilendo, kuli anthu ntchito yawo ndi kulemba basi, amalowa mu ofesi m'mawa ngati akalaliki. Dolly kusiyana kwake nkoti amachita zonse, akuti nyimbo zomwe analemba zimakwana 3,000.

NaBanda_Area25

Achimwene a bass mwafotokoza bwino koma tisamupange mngelo wosalakwa, komanso si zonse zomwe anatchuka nazo zili zake. Here You Come Again ya 1977 analemba Barry Mann ndi Cynthia Weil, Islands in the Stream yomwe anaimba ndi Kenny Rogers 1983 analemba ndi a Bee Gees. Nthawi imeneyo anthu a country enieni ankadandaula kuti wawathawa wapita ku pop kotsata ndalama, ndipo kunena zoona nyimbo zake zina za m'ma 80 ine sindizimva kukoma, zadzadza makiyibodi ngati za pa chinkhoswe. Komanso 1982 anakaimba ku Sun City nthawi ya tsankho ku South Africa pomwe oimba ankapemphedwa kuti asapiteko. Zimenezo zinachitika ndipo sitingazifufute, ngakhale kuti pambuyo pake 1996 anadzajambula ndi Ladysmith Black Mambazo.

Koma za alamu zoti wa mawigi sangalembe, kumeneko nde kuganiza komwe mayiyu wakhala akudyerapo moyo wake wonse. Amuna a masuti ankamuona tsitsi ndi chifuwa nkumati apa tidya bwino, pofika pozindikira iye wanyamula kale pepala lomwe amafuna. Ndipo zikhadabo zomwe mukunyozazo ndi zomwe anapekera 9 to 5 mu 1980. Ali kojambula filimu ndi Jane Fonda ndi Lily Tomlin, podikira nthawi yake ankakhulanitsa zikhadabo zake zoikirira, phokoso lake nkumamveka ngati taipilaita, basi chuni chabwera. Phokoso limenelo lilimo mu rekodi. Ine ndinagwirapo ntchito ya usekilitale zaka 6, kupanga tiyi wa abwana uku malipoti ndikulemba ndine iwo nkumangosaina, nde nyimbo imeneyo musandiuze.

Chomwe chimandidabwitsa ine ndi banja lake. Tsiku loyamba kufika ku Nashville anakumana ndi Carl Dean panja pa malo ochapira zovala otchedwa Wishy Washy. Anakwatirana pa 30 May 1966 ku Ringgold, Georgia, mwakachetechete, wachibale analipo ndi mayi ake okha, chifukwa a kampani ya marekodi ankati ukwati umuonongera msika. Bamboyo ntchito yake inali yothira phula m'misewu ndi m'malo oimika magalimoto. Anamuperekeza kamodzi ku phwando la mphotho, pobwerera anamuuza kuti ndikufunira zabwino koma kuzinthu ngati izi usadzanditengenso, ndipo anasungadi mawu ake, mpaka anthu ena ankati mwamunayo kulibe ndi wongopeka. Anakhala limodzi zaka zoposa 58 mpaka bamboyo kumwalira pa 3 March 2025 ali ndi zaka 82. Ana sanabereke, analera ang'ono ake a Dolly angapo. Kwathu kuno azilamu akanamulankhula mpaka kuonda, nde alamu a kamtedza akanakhala patsogolo kkkk.

Jolene naye ndi nkhani ya m'nyumba momwemo. Kunali kamtsikana ka tsitsi lofiira kogwira ntchito ku banki komwe kankamusekerera kwambiri Carl, bambo nkumapitapita ku banki pomwe ndalama zake zinali zosachuluka choncho. Dzinalo analitenga kwa kamwana kena komwe kanabwera kudzapempha siginecha pa shoo. Mayi wina akanapita ku banki konko kukavula chitenje nkumanga m'chiuno, iye anakatenga gitala.

Mjomba_Rotherham

Ndangodutsa ndaona dzina la Dolly ndati ndiponyepo. Ine nyimbo zake sindizitsata kwenikweni, koma m'nyumba mwanga muno muli mabuku ake shelefu yonse. Mwana wathu atabadwa kuno ku England tinamulembetsa ku Imagination Library, mwezi uliwonse buku limabwera pa positi lolembedwa dzina la mwanayo, ulere, mpaka atakwanitsa zaka 5. Mwana ankathamangira pachitseko akamva kalata yagwa, ndipo kwa nthawi yaitali ankaganiza kuti Dolly ndi azakhali ena ake a ku Lilongwe omwe amamutumizira. Ndinachita kufufuza kuti mzimayi woimba ndi mabuku zikugwirizana pati, nkupeza kuti anayambitsa 1995 kwawo ku Sevier County chifukwa cha bambo ake aja osadziwa kuwerenga, ndipo kuno ku UK inayambira tauni yathu yomwe ino ya Rotherham 2007. Pano mabuku omwe atumizidwa anadutsa 200 miliyoni, ku America, Canada, UK, Ireland ndi Australia. Sikuti amalipira yekha onse ayi, mabungwe ndi makhonsolo a m'deralo amaikapo ndalama ya mabuku ndi positi, iye anaika dongosolo ndi dzina.

Kwawo kumapiri kuja anaikako Dollywood 1986, malo a masewera ku Pigeon Forge omwe analemba ntchito anthu ambiri a m'deralo. Moto wa m'nkhalango utaotcha nyumba ku Gatlinburg 2016, banja lililonse lomwe nyumba inapsa linkalandira madola 1,000 pamwezi kwa miyezi ingapo kuchokera ku thumba lomwe anakhazikitsa. 2020 anapereka madola 1 miliyoni ku chipatala cha yunivesite ya Vanderbilt, ina mwa iyo inathandiza kafukufuku wa katemera wa Covid wa Moderna. Achemwali a ku 25 akunena zoona kuti si mngelo, Dollywood ndi bizinesi, polowa umalipira ndithu. Koma ine buku ndinaligwira ndi manja anga.

MadalaAkuZomba

Bassman wandilasa pa Don Williams koma ndavomera, ngakhale kuti kuimba nyimbo ya mnzako mpaka anthu kuiwala mwini wake nalonso ndi luso, funsani Whitney yemweyo. Ndinaiwala kunena, ndalama zina za nyimbo ija Dolly anagulira nyumba za maofesi m'dera la anthu akuda ku Nashville, ananena yekha kuti anachita zimenezo pokumbukira Whitney. Iwe kamtedza, makaseti akakhala nthawi yaitali tepi imamatana, usangoponya mu wailesi. Tenga bolopeni ya makona ija, lowetsa pabowo, zungulitsa pang'onopang'ono mpaka kumapeto nkubwereranso, kenako pukuta mutu wa wailesi ndi kathonje konyowetsa ndi spiriti. Ukapanda kutero idzatafunanso pomwe bambo ako analumikiza paja.

kamtedza88

Zikomo nonse, sindimayembekeza kuti ndiphunzira mpaka za feteleza wa a bassman, pepani achimwene. Ndawawerengera alamu zonse pa foni. Poyamba amati za pa intaneti aliyense amangolemba, nde ndatenga kaseti ija ndawaonetsa timalemba ting'onoting'ono tam'kati mwa kava, pansi pa dzina la nyimbo palembedwa D. Parton. Akhala chete kaye, kenako akuti chabwino analemba koma Whitney anaimba bwino. Mlongo wanga wawayankha kuti nkhani sinali imeneyo, ayambanso awiriwo, ine ndatulukamo.

Madala njira ya bolopeni yatheka, wailesi tabwereka kwa aneba ya mabatire 6 ija. Mbali yoyamba ikulira bwinobwino kungoti pa Coat of Many Colors mawu amanjenjemera pang'ono pomwe pali selotepi. Amayi anali panja akusankha nyemba, atangoimva alowa nkukhala pa mpando wa mdala, akuti kasetiyi mdala anagula ku Limbe ndi ndalama ya fodya chaka chomwe ndinabadwa ine, ndipo anakangana chifukwa iwo anamutuma mapoto. Andiuza kuti makaseti ena nditha kutenga koma atatu a Dolly asachoke m'nyumbamo. Alipo akudziwa komwe ndingasamutsire nyimbo za pa kaseti kupita pa flash ku Lilongwe kuno, osandionongera tepi?